Achemwali Ankakhuta Fungo

Ndikakhala pasaluni panga n'kumva kasitomala akuti, "Koma anthu a m'malesitilanti ndiye amadya bwino, eti," ndimangoimitsa chipeso. Ndimalakalaka n'tamukoka tsitsi dala. Achemwali anga anaphika nyama m'lesitilanti kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitabalalika m'mutu, koma dokotala amene anawaona mwendo ananditengera pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kwathu kuli njala.

Tinabadwa awiri, iwo aakulu, ine wotsiriza. Amayi athu ankadwaladwala, ndiye zophika zinagwera achemwali asanatalike n'komwe. Ankakwera panjerwa kuti aone m'poto. Akaphika ankapakulira abambo, amayi, ine, kenako iwo n'kuima pakona kumakokota zotsalira. Ine ndinkaona ngati ndi mmene dziko linapangidwira: wamkulu amaphika, wamng'ono amadya. Sukulu anaisiyira panjira, ndipo ntchito yoyamba imene anaipeza m'tauni inali yotsuka mbale palesitilanti ina pafupi ndi depoti ya mabasi. Chaka chisanathe wophika wa pamenepo anathawa ndi kondakitala, achemwali n'kupatsidwa chipande. Sanachisiyenso.

Khitchini imeneyo ndailowa kambirimbiri. Kachipinda kopapatiza, zenera limodzi la waya lomwe utsi unalitseka kalekale, mbaula zikuluzikulu kukhoma, chiwaya cha tchipisi pafupi ndi chitseko cha kuseri, simenti yonyowa chaka chonse. Pakhoma lina panali kabowo kotulutsira mbale, moti anthu odya kunjako ankangoona manja awo basi. Mpando munalibe. Mwini lesitilantiyo, bambo wofatsa wa mimba yake, anawagulirapo kamodzi, achemwali n'kuikapo thumba la anyezi.

Kuphika ankatha, zimenezo ngakhale wodana nawo sakanatsutsa. Madalaivala ankasiya basi itadzaza kuti adzadye nyemba zawo. Sankayeza kanthu. Ankaviika chipande, kudontheza msuzi pachikhatho, kunyambita, kutsinzina pang'ono, kenako n'kuwonjezera mchere kapena kusiya. Nyama ya ng'ombe, dontho. Nkhuku, dontho. Nsomba, nyemba, chiwindi, dontho dontho, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ukalowa m'khitchini mwawo, usanapereke n'komwe moni, chipande chili kale pamphuno pako: "Talawani!" Mpaka linasanduka dzina. Padepoti ponse ankawadziwa kuti a Talawani.

Antchito ankadya chipwirikiti cha masana chikatha. Achemwali ankawapakulira onse, operekera zakudya, otsuka mbale, mlonda wa pageti, aliyense ndi nthuli imene amaikonda. Musaganize kuti sankadziwa chimene chimamanga thupi la munthu. Woperekera zakudya wina atakhala ndi pakati, ankamuimirira pambali mpaka atamaliza chiwindi ndi masamba onse, akumukalipira kuti mwana sakula ndi zakumwa za m'botolo. Mbale yawo ankaipakulanso bwinobwino, n'kuivundikira ndi ina, n'kuiika pamwamba pa kabati. "Ndidya zikaphweka," ankatero. Sizinkaphweka. Mbale ija inkapita kwa wonyamula katundu amene sanapeze ganyu tsiku limenelo, kapena kwa mayi wosesa padepoti, koma kawirikawiri inkamangidwa m'kansalu n'kupita kunyumba. Amuna awo, alamu anga, anali dalaivala wa lole. Ananyamuka ulendo wina n'kukakwatira kumene anakatsitsa katundu. Anawasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwana ameneyo anakulira mbale yovundikira ija, n'chifukwa chake anatalika ngati mlongoti, mano oyera mbee, ndipo lero ndi mphunzitsi.

Nanga iwo ankadya chiyani? Tiyi. Kapu yaikulu yachitsulo, shuga wambirimbiri, buledi woviika, ataimirira, dzanja lina likutakasa m'poto. M'mawa tiyi, masana tiyi ndi nkhoko za mpunga, madzulo tiyi. Mwana atakula n'kuchoka, mapoto a kunyumba kwawo anangowapachika pakhoma, akuwala ngati a m'sitolo. Chimene chinkagwira ntchito m'nyumba imeneyo inali ketulo yokha.

Tsiku lina lopuma ndinawaitana kwanga. Ndinagula nkhuku, n'kuwalumbiritsa kuti lero akhala pampando ngati mlendo. Anakhaladi, mpaka anamva anyezi akulira m'mafuta. Ndisanazindikire, chipande chili m'manja mwawo, ine ndathamangitsidwa m'khitchini mwanga momwe. Anapakulira amuna anga, ana anga, ine, ngakhale mwana wa aneba amene anangobwera kudzabwereka machesi. Titamaliza tinawapeza kukhitchini ataimirira ndi kapu ya tiyi. Amuna anga, amene ndi makanika, anawafunsa, "Alamu, mukusala kudya kodi?"

"Alamu, inu mukaweruka kugalaja mumakagona kunsi kwa galimoto? Munthu wakhala mu utsi wa nyama sabata yonse, mukufuna ayambenso kutafuna nyama? Ine fungo limandikhutitsa."

Tinaseka tonse. Ndipo sankanama. Ophika ambiri amene ndawaluka tsitsi amanena zomwezo: m'kamwa mumakhala mchere tsiku lonse, mphuno imatopa, mimba n'kuganiza kuti yadya. Komanso thupi anali nalo. Shuga ndi buledi zinawapatsa mikono yonenepa ndi masaya, moti akamadutsa anthu ankati, "Onani ntchito ya m'khitchini mmene imasamalira munthu." Wophika safunsidwa ngati wadya. Pamaliro, paukwati, aliyense amangoti iwowo ali pafupi ndi mapoto, adziona okha.

Ine ndinayamba kukayika chifukwa cha tsitsi. Achemwali duku silinkachoka kumutu, ndipo panapita zaka osabwera kusaluni. Koma mwana wawo akukwatiwa ndinawagwira ndi mphamvu n'kuwakhazika pampando. Nditamasula duku ndinangoti kakasi. Banja lathu ndi la tsitsi logwira, lothyola zipeso. Lawo linali litafiira, lopyapyala, lofewa ngati ndevu za chimanga. Chipeso chikadutsa chinkatuluka nalo. Ndikati ndigwire kuti ndiyambe kuluka, linkangothothoka lokha, iwo osanena n'komwe kuti mayo.

"Achemwali, tsitsili latani?"

"Ndi moto. Iwe ukanaima pambaula zaka zonsezi bwenzi uli ndi dazi."

"Moto sufiiritsa tsitsi la pansi pa duku. Mukudwala?"

"Asa! Luka, usandiyeze. Unaphunzira liti udokotala?"

Ndinawaveka wigi. Pazithunzi za ukwati akuoneka bwino kwambiri, ataima kumapeto, epuloni ili m'manja, akuseka atatseka pakamwa ndi chikhatho. Ukwati utatha ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anandiyankha kuti odwala ali kuchipatalako, iwo ali ndi anthu oti awadyetse.

Ngozi yake inali yaing'ono, yochititsa manyazi kuifotokoza. Tsiku lina akutsitsa chiwaya, chogwirira chinapotoka, mafuta n'kuwatayikira pamsongolo wa mwendo wamanja. Pamene panapsapo sipanali paakulu, chikhatho cha mwana chikanaphimba. Ophika amapsa tsiku ndi tsiku. Mikono ya achemwali inali mawangamawanga ndi zipsera. Anatsuka ndi madzi amchere, kumanga ndi chidutswa cha epuloni yakale, n'kubwerera pambaula, chifukwa basi ina inali itangofika kumene.

Chilonda chotere cha munthu wina chikanauma mwezi usanathe. Chawo chinangokhala. Panachita matuza, matuza anaphulika, pakati panayera, m'mbali munada. Nyengo yotentha inatha, mvula inabwera n'kupita, iwo akumangabe zigamba, akuimabe pasimenti yonyowa kuyambira m'mawa. Anayamba kuvala masiketi ofika m'mapazi, ndi sokosi ya amuna mwendo umodzi. Amati tsoka silinunkha, koma lathuli linanunkha. Woperekera zakudya uja ankamukakamiza chiwindi ndi amene anabwera kusaluni kudzandinong'oneza kuti makasitomala okhala pafupi ndi kabowo ayamba kufunsa ngati nyama yaonongeka, ndipo abwana akusowa poyambira kuwauza.

Ndinasiya kasitomala mutu uli theka, n'kuimbira mwana wawo. Tinawapeza akusenda adyo, mwendo atautsamiritsa pachidebe. Sindinapereke moni. Ndinagwada n'kutsitsa sokosi ija. Mayo ine! Chilonda chinali chitazungulira pafupifupi mwendo wonse, chakuya moti chala chikanalowamo, ndipo kutupa kunafika mpaka kuphazi, ukadina dzenje n'kutsala. Mwana wawo anathamangira kuseri kukasanza. Achemwali anangoti, "Mwabwera nthawi yoipa, mpunga sunapse."

Mwini lesitilanti anatitenga yekha pagalimoto yake. Njira yonse ankangobwereza, "Amayiwa chakudya sitiwamana, Mulungu ndi mboni. Makiyi a kosungira zakudya amasunga okha." Ndinkafuna kumulalatira, koma ankanena zoona.

Kuchipatala anawayeza shuga, chifukwa aliyense ankaganiza kuti ndi imeneyo. Analibe. Anawayeza magazi, matenda onse amene munthu amaopa kuwatchula. Analibe. Dokotala, mtsikana wa magalasi wa msinkhu wa mwana wawo, anawavula duku, kuwayang'ana zikhadabo, kuwatsitsa zikope, kenako anati, "Amayi, tayasamulani." Achemwali anakana kaye. Atayasamula ndinaona chimene chikhatho chija chinkabisa: nkhama zotupa, zakuda, zotuluka magazi, mano ena a m'mbali atachoka, otsalawo akugwedera.

"Amayi, dzulo munadya chiyani?" anafunsa dokotala.

"Dzulo kunali nkhuku yokazinga, nyama ya ng'ombe, nyemba, kabichi..."

"Sindikufunsa zimene munaphika. Zimene munameza inuyo."

Achemwali anayang'ana kudenga. "Ndinalawa zonse."

"Dzana?"

"Chimodzimodzi."

"Dzira munalidya liti komaliza? Lalanje? Nthuli ya nyama, yotafuna n'kumeza?"

Anaganiza nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa ine kuti mwina ndiwakumbutsa.

M'pamene dokotala ananditengera pakhonde n'kundifunsa za njala zija. Nditamuuza ntchito yawo anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndikumuseka. Kenako tinabwerera m'kati, n'kutifotokozera tonse atatu pang'onopang'ono. Chilonda, iye anati, chimatsekedwa ndi mnofu watsopano, ndipo thupi silingapange mnofu ndi tiyi. Limafuna mapuloteni, zakudya zomanga thupi zija, mazira, nyemba, nsomba, nyama, mkaka. Limafunanso mavitamini, makamaka amene ali m'zipatso ndi m'masamba, oti mnofuwo ugwirane. Akasowa, nkhama zimatuluka magazi ndipo bala silitseka. Shuga ndi buledi zimangopatsa munthu mphamvu yoimirira ndi mafuta a m'masaya.

"Ife titsuka chilondachi, tipereka mankhwala opha tizilombo ndi mapiritsi a mavitamini. Mukalimba, tidzatenga khungu pantchafu n'kuphimba. Koma mukapanda kudya, khungulo silidzagwira, matenda adzalowa m'fupa, ndipo mwendowu tidzaudula. Ndikunena poyera, musadzati sindinanene."

Achemwali anadikira kuti atuluke. "Kamwana aka kakundiphunzitsa ine za chakudya? Ine ndadyetsa tauni yonse."

"Mwadyetsa tauni, inde," ndinatero. "Nanga mwendo mukuufuna?"

"Wophika wokhala pansi unamuona kuti? Ndikuufuna."

"Ndiye mudya."

"Ndidya. Usandikalipire ngati mwana wako."

Anawagoneka m'wodi ya amayi, pabedi la pafupi ndi zenera. Ine ndi mwana wawo tinagawana ntchito. Iye ankabwera akaweruka kusukulu, ine m'mawa ndi masana. Kuphika si mbali yanga, mpunga wanga umatuluka phala, koma ndinaphunzira. Mazira owiritsa, nyemba zofewa, chiwindi chodula tizidutswa, nsomba yochotsa minga, mkaka m'botolo, malalanje osenda kale. Ndikafika ankati, "Siya pamenepo, ndidya zikazizira. Thamanga, makasitomala akudikira." Ndikabwera masana kontena ili mbee, yotsuka, yopukuta. Ndinkayenda m'njira ndikuimba. Ndinkauza aliyense kusaluni kuti achemwali ayamba kudya ngati dzombe.

Koma chilonda sichinkasintha. Namwino akamasula bandeji ankapukusa mutu. Dokotala anandifunsa mobwereza ngati chakudya chikubweradi, ine mpaka kumukwiyira kuti akutiona ngati ndife anthu otaya m'bale wathu.

Tsiku lina kasitomala sanabwere, ndiye ndinabwerera kuchipatala nthawi imene sankandiyembekezera. Ndili pakhomo la wodi ndinamva mawu awo akulira ngati kale: "Talawani!" Anali atakhala tsonga pabedi, mwendo wa bandeji uli papilo, kontena pamiyendo, akupakula. Zivundikiro, masosala, makapu, zonse zinali zitandandalikidwa pabulangete. Gogo wina wa bedi loyandikana, amene analibe womudikirira, anali ndi dzira m'manja. Mtsikana wothyoka chiuno anali ndi chiwindi. Mayi wokolopa m'wodi ankanyamula masosala kupititsa kumabedi a kumapeto. Nkhope ya achemwali inali ikuwala. Pakabati pawo panali kapu ya tiyi ndi buledi amene gogo uja anawapatsa posinthana.

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, koma anamwino anabwera akuthamanga. Ndinalanda dzira m'manja mwa gogo wa eni ake. Achemwali ndinawatchula mfiti yodzidya yokha. Ndinati ngati akufuna kufa anene, tisamavutike n'kuyatsa moto m'mamawa.

Iwo sanakweze mawu. "Mubwezere gogoyo dzira lake. Sanadye kuyambira dzulo."

"Nanga inu?"

"Iwe, tandiuza. Ndikhale pano, ndiyasamule, ndizitafuna chiwindi, anthu onsewa maso ali pa ine? Ine sindinadyepo wanjala akundiyang'ana. Sindidziwa mmene amachitira. Chimakakamira pakhosi."

Ndinamubwezera gogo dzira lake, n'kupita kukalirira kuchimbudzi. Mkwiyo unali utandithera, chotsala anali mantha okhaokha.

Kuyambira pamenepo saluni ndinaisiyira mnzanga. Ndinapempha chotchinga chija amaika akamasambitsa wodwala, n'kumawatchingira nthawi ya chakudya. Ndinkaphika zambiri kuti gogo uja ndi anzake alandire kaye, apo ayi achemwali sakanatsegula pakamwa. Kenako ndinkakhala pabedi ndi supuni. Amayi inu, kudyetsa wophika! Supuni yoyamba ankaisunga m'kamwa, kutsinzina, n'kunena kuti mchere wachepa. Yotsatira, anyezi ndinamuika mochedwa. Ina ankaimeza ngati mwala, misozi ili m'maso, manja atagwira chitsulo cha bedi. Ndikawonjeza, zonse zinkabwerera. Lalanje linkawawawa m'nkhama ngati tsabola. Mapiritsi ankameza, mkaka wa kuchipatala ankamwako pang'onopang'ono, koma mimba imene yazolowera madontho zaka zonsezo siitseguka chifukwa choti dokotala walamula. Ankayesetsa, pamenepo ndiwachitire umboni. Kungoti tinayamba mochedwa.

Mwana wawo zinamupweteka mwamtundu wina. Tsiku lina tili pakhonde anandifunsa, "Amayi aang'ono, mbale imene ankabwera nayo madzulo ija, inali ya ndani?" Ndinamuuza kuti afunse mayi ake. Sanawafunse. Anangoyamba kubwera ndi zipatso zodzaza jumbo, zochuluka moti zinkaolera pakabati, ndipo iyenso anayamba kuonda.

Mwini lesitilanti anabwera kudzawaona atanyamula nyemba za wophika watsopano. Achemwali anaviika chala, kunyambita, n'kuti, "Mukamuuze achepetse moto, akuzithamangitsa." Kenako anafunsa ngati malo awo alipo. Bamboyo anayang'ana bandeji, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti malo alipo, akachira adzangobwera kudzaima pomwe ankaima.

Madokotala anadikira mmene akanathera. Poona kuti chilonda chikukulirakulira, anayesa ndithu kuphimba ndi khungu la pantchafu. Poyamba tinali ndi chiyembekezo. Achemwali mpaka anayamba kundituma kuti ndikawasakire nsapato zofewa za kuntchito. Tsiku lomasula ndinalipo. Namwino anakweza bandeji pang'onopang'ono, ndipo khungu lija linanyamuka limodzi ndi bandejiyo, lotuwa, ngati pepala lonyowa. Pansi pake panali fupa. Ndipo tsopano zilonda zinali ziwiri, chifukwa pantchafu pamene anasendapo sipankapolanso.

Kenako thupi linayamba kutentha. Anajambula mwendo, dokotala uja n'kubwera ndi mkulu wake, bambo wa imvi wosalankhula zambiri. Matenda anali atalowa m'fupa ndipo ankakwera. Bamboyo anati akadula m'munsi mwa bondo moyo upulumuka. Akadikira adzadula pamwamba, kapena sipadzakhalanso chodula. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati munthu wa mwendo wopanga angathe kuima tsiku lonse. Bambo uja anati ena amatha, podulapo pakapola bwino. Sananene kuti kupola kwakeko kudzafunanso chiyani, ndipo ife sitinafunse. Achemwali anavomera.

Tsiku la opareshoni silinadziwike msanga, ankangoti fiyeta, chipinda chochitira opareshoni, ikapezeka. Ndiye m'mawa umenewo ndinafika monga mwa masiku onse, kontena yotentha ili m'jumbo. Pakhomo namwino anandiimitsa. "Lero akulowa. Asadye kanthu, ngakhale madzi asamwe. Mwamva, amayi? Akadya tiimitsa zonse, ndipo mwendowo sungadikirenso."

Ndinawapeza atawaveka kale chovala chobiriwira chomanga kumbuyo, duku atawavula. Anali atachepa, achemwali anga, masaya aja atapita. Ndinakankhira jumbo pansi pa bedi n'kukhala. Tinakamba za mvula. Tinakamba za mwana wawo, amene anali m'njira. Kenako ndinaona mphuno yawo ikugwedera.

"Watenga chiyani?"

"Palibe. Zomwe zija."

"Chiwindi. Waikamo tomato ndi adyo." Anatsinzina. "Lero sunapsereze."

"Mwayamba."

"Tatsegula ndione."

"Achemwali, anena kuti..."

"Ndingoona."

Ndinatsegula. Nthunzi inakwera. Kaya ndi chifukwa choti miyezi yonse ija utsi wa mbaula unali utawachoka m'mphuno, kaya ndi mantha, kaya n'chiyani, ine sindidziwa. Ndinangoona akumeza mate. Maso sanawachotse pachiwindi chija, ndipo anagwira pamimba ngati munthu amene wamva chinthu chachilendo chikuyenda m'kati.

"Iwe," anatero motsitsa, ngati akuulula zamanyazi. "Ndili ndi njala."

Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo.

"Kanthuli kamodzi. Sadziwa."

"Ayi."

"Kamodzi kokha, mng'ono wanga. Nditafuna bwinobwino, uona."

Ndinavundikira kontena. Ine amene ndinawalalatira pamaso pa wodi yonse kuti adye, ine amene ndinawakakamiza supuni mpaka kusanza, ndinakanikiza chivundikiro mpaka chinalira, n'kubweza zonse pansi pa bedi. Mumtima ndinatukwana chilichonse chimene ndikanatha kutukwana.

Kunabwera abambo awiri ndi bedi la matayala. Anawanyamula mosavuta. Akuwakankha kutuluka m'wodi, gogo uja akuwapempherera mokweza, achemwali anandigwira mkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Undisungire," anatero. "Usapatse munthu."

Ndinakhala pabenchi la kunja kwa fiyeta, kontena ili pamiyendo, nditaikumbatira. Dzuwa litakwera, mayi wina amene ankadikirira mwamuna wake kuyambira dzulo lake anasendera pafupi, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndili ndi kenakake kotsala, chifukwa m'mimba munali mukumupota ndi njala. Ndinamuyang'ana. Milomo yake inali itauma gwa. Ndinamuuza kuti pepani, chili ndi mwini wake.